Citi Golf yanga ndi msewu wa kwa amayi

Galimoto yoyamba kugula ndi thukuta langa inali Citi Golf yoyera, 1.4i ya 2007. Ndinaigula mu 2016, nditakhala ku Joni zaka 6 ndikukhoma makabati a m'khitchini. Tsiku loitengalo ndinaiimika kutsogolo kwa nyumba imene tinkachita lendi ku Turffontein, n'kukhala pa kreti mpaka dzuwa kulowa, maso ali pa iyo. Penti inali bwinobwino, injini inkalira mosalala, mipando yosang'ambika. Chimene chinkandibaya m'maso chinali chimodzi chokha: mpata wa pakati pa tayala ndi madigadi. Chibakera changa chinkalowamo chonse, malo n'kutsalabe. Galimoto yokongola chonchija inkaoneka ngati mnyamata wovala buluku lomuchepera, akakolo ali pamtunda.

Amene sanakhaleko ku South Africa mwina sangamvetse chifukwa chimene mpata umenewu umasowetsera munthu tulo. Citi Golf ndi Golf yoyambirira ija ya 1974, imene anaijambula Giorgetto Giugiaro wa ku Italy. Ku Germany ataisiya n'kuyamba kupanga Golf yachiwiri, fakitale ya Volkswagen ya ku Uitenhage, tauni imene pano akuitcha Kariega, inapitiriza kuipanga kuyambira 1984 mpaka 2009, magalimoto oposa 370,000. Oyambirira ankatuluka ofiira, achikasu ndi abuluu. Ana a ku Soweto, Eldorado Park ndi Mitchells Plain akula akuiona pakhomo pa atate awo, ndipo akaipeza yawo, ntchito yoyamba imakhala kuitsitsa. Lamlungu masana mukapita pamalo otsukira magalimoto, mumawapeza atandandalika mzere, matayala atabisala m'madigadi, nyama ikuwotchedwa pambali, anyamata atagwada akuyang'ana pansi pa galimoto ya mnzawo. Eni ake amati stance. Ine ndinakopeka nazo, ndipo mpaka lero ndimakopeka nazo. Thupi la Citi ndi la makona, lamizere yowongoka, ndiye likayandikira pansi limakhala ngati lagwira msewu ndi zikhadabo. Kukongola kumeneko n'kwenikweni, ndipo sindidzakukana.

Ndalama zogulira zipangizo zoyenera ndinalibe, choncho ndinachita zimene anyamata ambiri amachita. Loweruka lina mnzanga anabwera ndi galayinda, tinamasula masipuling'i onse anayi, tinadula makoyilo awiri kutsogolo, imodzi ndi theka kumbuyo. Titatsitsa jeke, galimoto inakhala pansi monga ndinkailotera. Ndinaijambula zithunzi madzulo omwewo n'kutumiza kumudzi.

Lolemba popita ku ntchito ndinayamba kumva zimene tinachita. Hampu yoyamba ya pafupi ndi sukulu, galimoto inangoti gu! mpaka mano kuluma lilime. Pa msewu wosalala inkadumphadumpha yokha ngati yakwera pa malata. Ndinadziuza kuti galimoto yotsika imayenda chomwecho, ndizolowera. Pasanathe miyezi itatu shock ya kutsogolo kumanzere, chipangizo choletsa galimoto kudumphadumpha, inayamba kutuluka mafuta, fumbi litamatirira thupi lake lonse lonyowa.

Anzanga anandilozera kwa mkulu wina wa kwathu, wochokera ku Mangochi, amene ankakonza magalimoto kuseri kwa nyumba ina ku Mayfair. Tonse tinkangowatcha a Mjomba. Sanakweze galimoto pa jeke. Anaisiya ili pa matayala ake, anapinda chiwongolero mpaka kumapeto, anakankhira m'mwamba chimphira chotchinga fumbi pa shock, n'kuwalitsa tochi ya foni.

"Tabwera kuno mphwanga. Lowetsa chala apa."

Ndinalowetsa. Pakati pa mutu wa shock ndi kamphira kotchinga kumtunda, kamene amakatcha bump stop, panangolowa chala chimodzi. Kamphirako nako kanali katafumbutuka ngati sikono ya dzana.

"Galimoto imeneyi ikuchoka ku fakitale, apa pankalowa zala zinayi. Iwe wadya zitatu. Chatsala chimodzichi ndiye chinyamule iwe, mkazi wako, hampu ndi dzenje. Chikatha, chimene chikulandira msewu ndi chitsulo cha galimoto ndi msana wako."

Mawu amenewo ndi amene ananditsegula maso pa nkhani yonse yotsitsa galimoto. Ine ndinkaona mpata wa kunja, wa pakati pa tayala ndi madigadi, n'kumauyesa malo ongowonongeka. Sindinkadziwa kuti mpata umenewo ndi chithunzi chabe cha mpata wina wa m'kati, umene tayala limayendamo likakumana ndi chokwera. Pa galimoto yanga unali wa masentimita pafupifupi 8. Sentimita iliyonse imene mwatsitsa ndi sipuling'i yokha, mwaichotsa pamenepo. Palibe kwina kumene ingachokere.

Odula masipuling'i amakonda kunena kuti sipuling'i yodula imalimba, ndiye zonse zimafanana. Kulimba imalimbadi. Sipuling'i ndi ndodo yachitsulo yopindidwa, ndipo ndodo yaifupi imavuta kupotokola kuposa yaitali. Koma tawerengani bwino. Ngati makoyilo ogwira ntchito anali 6 inu n'kusiya 5, kulimba kwawonjezeka ndi 20 peresenti yokha. Pamene mpata woyendamo tayala mwina watsika ndi theka. Kuti katundu yemwe uja asafikitse galimoto pa kamphira, sipuling'iyo ikanayenera kulimba kawiri. Ndiye mwapeza pang'ono, mwataya zambiri. Komanso mapeto a sipuling'i anapangidwa kuti akhale bwino m'mbale yake. Mukadula, nsonga yakuthwa ija imakhala mopendekeka, ndipo tayala likalendewera, monga potsika hampu mothamanga, sipuling'i yaifupiyo imatha kuchoka pamalo pake. Ena amachita choipa choposa: amawotcha sipuling'i ndi gasi mpaka ifiire, galimoto n'kukhala pansi yokha. Moto umapha kukhwima kwa chitsulo. Sipuling'i yotere imapitiriza kutsika mwezi ndi mwezi, mbali ina kuposa inzake, kenako tsiku lina imathyoka.

Shock nayo ili ndi dandaulo lake. Ntchito yake si kunyamula galimoto ayi, ndi kuletsa sipuling'i kuti isamangodumpha ikapanikizidwa. M'kati mwake muli mafuta amene amadutsa m'timabowo, ndipo timabowo timeneto anatiyeza molingana ndi sipuling'i ya ku fakitale. Mukaipatsa sipuling'i yolimba, mphamvu zake zimachepa, n'chifukwa chake galimoto yanga inkadumpha ngati chule pamsewu wosalala. Ndipo popeza ikugwira ntchito itapanikizika kale pafupi ndi pansi pake, dzenje lililonse limaimenya mpaka kumapeto. Yanga inapirira miyezi itatu.

Ndinasunga ndalama miyezi inayi, n'kugula masipuling'i opangidwira kutsitsa, a mamilimita 40, pamodzi ndi ma shock aafupi ogwirizana nawo. Makampani odziwika pa zimenezi ndi monga Eibach ndi H&R a ku Germany pa masipuling'i, Bilstein ya ku Germany komweko ndi Koni ya ku Netherlands pa ma shock, ndipo zambiri zimene amagulitsira magalimoto a tsiku ndi tsiku zimatsitsa mamilimita 25 mpaka 40. Nambala imeneyi sanangoilota. Sipuling'i zotere anaziwerengera kuti zikhale zolimbirako, zikhale zothina m'mbale yake ngakhale tayala litalendewera, ndipo shock yaifupi imabwezako pang'ono mpata umene watayika.

Ndinakhala tsiku lonse ndi a Mjomba akumanga, ine ndikupereka masipanala. Pali tinthu tiwiri timene ndinaona tsiku limenelo timene sindinaonepo wina akuchita. Koyamba, mabawuti a mabushi a control arm, mkono wolumikiza tayala ku thupi la galimoto, sanawamange galimoto ili m'mwamba. Anangowagwiritsa pang'ono, anatsitsa galimoto pa njerwa, anaigwedeza, kenako n'kukwawira pansi kukamangitsa. Anandiuza kuti mphira ya m'bushi siizungulira, imapotokoka. Mukamanga tayala likulendewera, galimoto ikakhala pansi mphirayo imakhala yopotokoka usana ndi usiku, ndipo imang'ambika msanga. Galimoto ikasintha msinkhu, mabushi onse otere amafunika kumasula ndi kumanganso pa msinkhu watsopanowo. Kachiwiri, anakana kundipatsa makiyi mpaka nditalonjeza kuti m'mawa mwake ndipita ku alignment, kokawongola kaimidwe ka matayala pa makina. Pa Golf yakale imeneyi bawuti ya pamwamba yolumikiza shock ndi chitsulo cha tayala ili ndi mutu wopendekera mbali imodzi, moti mukaizunguliza tayala limapendekera m'kati kapena kunja. Kupendekeka kumeneko ndi camber. Magalimoto ambiri aang'ono a masiku ano alibe bawuti yotere, mumachita kugula padera.

Zaka ziwiri zotsatira zinali zokoma. Galimoto inkalowa m'makona a pa mphambano ya misewu ikuluikulu ya Gillooly's osapendama, chiwongolero chinkamvera dzanja nthawi yomweyo, ndipo mkazi wanga sanadandaulepo za msana. Mpata wa pa madigadi unatsala wa zala ziwiri. Ndikanayenera kulekera pomwepo.

Koma Lamlungu lililonse ndinkaimika galimoto yanga pakati pa anzanga, ndipo yanga ndiyo inkaoneka yaitali. Mu 2018 ndinagula ma coilover otsika mtengo, ma shock okhala ndi mazinga pathupi ngati bawuti, amene mumakweza kapena kutsitsa mbale ya sipuling'i ndi sipanala yake yokhota. Alipo a mitundu iwiri. Okwera mtengo amalola kuti thupi lonse la shock lilowe kapena kutuluka m'chigoba cha pansi, ndiye galimoto imatsika koma mpata woyendamo tayala osasintha. Anga anali a mtundu winawo, wongotsitsa mbale, kutanthauza kuti ndinabwereranso ku nkhani ya zala ija. Ndinawauza a Mjomba kuti ndikufuna mamilimita 75. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akupukuta manja ndi sanza.

"Mwana akalirira nyanga ya msatsi, msemere, imufotere yekha. Bweretsa."

Atamaliza, njerwa yogoneka inkangokwanira ndendende pansi pa sampu, chosungira oyilo cha kunsi kwa injini.

Apa m'pamene ndinaphunzira kuti vuto la kutsitsa kwambiri silithera pa kugunda pansi. Kutsogolo kwa Citi Golf, monganso Polo, Vitz, Demio ndi Fit, kuli dongosolo lotchedwa MacPherson, potengera dzina la injiniya wa ku America, Earle MacPherson, amene analikonza m'zaka za m'ma 1940. N'losavuta: shock ndi sipuling'i zimaima pamodzi ngati mzati, ndipo pansi pali mkono umodzi, control arm ija, wochokera ku thupi la galimoto kupita ku tayala. Galimoto ili pa msinkhu wake, mkono umenewu umakhala wogona mowongoka kapena wotsetsereka pang'ono kulowera ku tayala. Mukatsitsa kwambiri, umatembenuka: mbali ya ku tayala imakhala pamwamba, ya ku thupi pansi. Zikatero, galimoto imafuna kupendama kwambiri pa kona ngakhale ili pafupi ndi nthaka, ndipo chimene chimabisa zimenezi ndi kuuma kwa masipuling'i basi. Tie rod, ndodo imene imakankha tayala mukapinda chiwongolero, nayonso imapendekeka, ndiye tayala likakwera pa chotumphuka limadzikhotetsa lokha. Ndinazimva koyamba pa M1 ya ku Johannesburg, pa malo olumikizira mlatho, ndikuthamanga 110: chiwongolero chinandisomphola m'manja pang'ono, galimoto n'kusuntha ngati wina waikankha m'mbali. Kunalinso kugogoda kumanja ndikamanyamuka mwamphamvu. Titayang'ana tinapeza kuti shafti yaitali yoyendetsa tayala la kumanja ikukhudza chasisi, pamalopo patawala ngati pakhulidwa ndi mchenga. Anzanga anandiuza kuti ndidule chasisi pamenepo n'kuwotcherera chitsulo chokhota, monga amachitira ambiri. Zimenezo zokha ndinakana.

Matayala ndiwo anandidabwitsa. Ndinagula atsopano a 195/50 R15, ndipo patatha miyezi isanu, kuwayang'ana kunja ankaoneka ngati a dzulo. Tsiku lina ndikutsuka, ndinapisa dzanja m'kati mwa madigadi ndipo waya anandibaya chala. Mbali ya m'kati inali itadyeka mpaka mawaya. Anthu amanamizira camber yokha, koma chimene chimadya tayala mofulumira ndi toe, kuloza kwa matayala m'kati kapena kunja mukawayang'ana kuchokera pamwamba. Tayala lolozera pambali pang'ono limakhala likukwekwerezedwa ulendo wonse. Nthawi iliyonse imene ndinkasewera ndi sipanala yokhota ija, toe inkasintha, ine osabwerera ku alignment. Ndipo kudyeka kotere n'koopsa chifukwa kumabisala kumene diso silifika. Ndiwonjezerepo kanthu kena kamene a Mjomba anandichenjeza: magalimoto ena akale opanda ABS, makina oletsa matayala kukwekwerezeka mukaponda buleki mwamphamvu, ali ndi kavavu kumbuyo kamene kamayeza kulemera kwa katundu poona mmene thupi latsikira. Mukatsitsa galimoto yotere, kavavuko kamaganiza kuti mwasenza katundu, n'kumatumiza mphamvu yambiri ku mabuleki a kumbuyo, ndipo pa mvula kumbuyo kumatha kukutsogolerani.

Disembala wa chaka chomwecho tinanyamuka ulendo wa kumudzi, makilomita oposa 1,700. A Mjomba anandiuza kuti ndikweze galimoto masentimita atatu ndisananyamuke. Ntchito yake ndi ya ola limodzi. Sindinachite, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa bwino: ndinkafuna anthu a kwathu aione mmene imaonekera ku Joni. M'galimotomo tinali ine, mkazi wanga, mwana wathu ndi mlamu wanga, ndipo m'buti munali batire ya sola, mabulangete, zigubu za mafuta ophikira ndi makina osokera a amayi. Citi Golf siifika ngakhale tani imodzi kulemera kwake, ndiye anthu ndi katundu wa makilogalamu 350 ndi mtolo waukulu kwambiri kwa iyo. Tisanafike ku Polokwane tinayamba kumva fungo la mphira yopserera. Matayala a kumbuyo ankakhula m'mphepete mwa madigadi pa chotumphuka chilichonse. Titawoloka pa Beitbridge kunada, ndipo malole onse a msewu wa ku Masvingo ankatiphethirira nyali, chifukwa kumbuyo kutakhala pansi nyali zathu zinkaloza m'maso mwawo. Nthawi imeneyo msewuwo unali wopapatiza, m'mphepete modyekadyeka. Ndinayendetsa usiku wonse mapewa ali gwa.

Harare tinadutsa, Nyamapanda tinadutsa, Zambezi tinawoloka pa Tete dzuwa likuswa mtengo. Tsoka linatipeza titapitirira Moatize. Kumeneko malole olemera ndi kutentha zinakankha phula n'kupanga mikwasa iwiri, pakati n'kutsala msana wotukuka. Galimoto wamba imangodutsa osadziwa n'komwe. Ine ndinayesa kuyenda tayala limodzi lili pa msanawo, koma kutsogolo kunabwera lole, ndinabwerera m'mikwasa, ndipo pansi panamveka phi! Patangopita mphindi zochepa nyali yofiira ya oyilo inayamba kuphethira. Ndinazimitsa injini pomwepo.

Pansi sipanadonthe kanthu. Sampu yanga inali yachitsulo, ndiye m'malo mosweka inangobonyokera m'kati, n'kukatseka kukamwa kwa kapaipi kamene pampu imakokera oyilo. Ikanakhala ya aluminiyamu, monga ya magalimoto ambiri atsopano, bwenzi oyilo yense ali pamsewu. Mnyamata wina wa njinga anakatiitanira makaniko wa m'mudzi wapafupi, bambo wolankhula Chinyanja chomveka bwino ngati cha kwathu. Anakhetsera oyilo m'beseni, anamasula sampu, anaiika pa chitsa, n'kuiwongola ndi hamala ndi kachidutswa ka mtengo, pang'onopang'ono ngati akukonza ndowa. Mwana wanga anagona pa chitenje pansi pa mtengo wa masawu. Tinataya maola asanu, ndipo pa Zóbuè ndi Mwanza tinadutsa usiku.

Kwathu ndi ku Chiradzulu, makilomita 7 kuchoka pa tala. Mvula inali itayamba. Makilomita anayi oyamba ndinayenda ndi giya yoyamba, mlamu wanga akutsika kukachotsa miyala. Titafika pa kamsika ka pakati, ndinaona msewu wotsalawo: mikwasa ya ngolo ndi malole a fetereza yakuya mpaka m'katumba, pakati pali msana wa udzu. Ndinapempha mwini golosale kuti galimoto igone kuseri kwa sitolo yake. Katundu tinakweza pa kabaza, ife tinayenda pansi.

Amayi anatilandira ndi nthungululu, anamunyamula mdzukulu wawo, kenako anasuzumira kumbuyo kwathu.

"Nanga galimoto ija ili kuti, mwananga?"

Anali atasesa malo pansi pa mtengo wa mango, atachotsa ndi miyala yomwe, kuti galimoto ya mwana wawo idzaime pamenepo. M'mawa mwake anavala chitenje chatsopano, n'kuyenda makilomita atatu ndi bondo lawo lovuta lija kukaiona kuseri kwa golosale. Anaizungulira, anaisisita padenga, anati ndi yokongola, Mulungu wachita zazikulu. Za kutsika kwake sananenepo kanthu.

Usiku wachitatu mchemwali wanga wamng'ono, amene anali woyembekezera, matenda anamuyamba nthawi isanakwane. Cha m'ma 11 koloko, mvula ikuwaza. M'mudzi monse munthu wa galimoto ndinali ine, ndipo galimotoyo inali makilomita atatu kutali. Tinamukweza pa njinga, amuna awiri atamugwira uku ndi uku, ine ndikuwunikira ndi tochi, amayi akubwera pambuyo ndi beseni ndi zitenje. Titafika pa galimoto tinamugoneka kumbuyo, mutu uli pa miyendo ya amayi. Makilomita anayi otsala kukafika pa tala ndinayenda ngati kamba, chifukwa ndikangowonjezera moto pang'ono, kumbuyo kunkagunda pa kamphira, iye n'kubuula. Kubuula kumeneko ndimakumvabe. Chinthu chimene ndinachikonza ndi manja anga kuti chizisangalatsa maso Lamlungu chinkamupweteka mlongo wanga pa bampu iliyonse, pa usiku umene ankafuna galimoto yofewa ndi yofulumira. Tinafika ku chipatala, ndipo m'bandakucha kunabadwa mwana wamkazi, wamng'ono thupi koma wamoyo.

Tsiku lomwelo masana, ndisanagone n'komwe, ndinatulutsa jeke ndi sipanala yokhota kuseri kwa golosale kuja. Mazinga a ma coilover anali atadzaza dothi lofiira louma gwa, mbale osatheka kuzungulira. Ndinagula parafini wa m'kabotolo ndi mswachi, n'kutsuka mzinga umodziumodzi mpaka chitsulo kuoneka. Poyeza msinkhu simuyambira pansi, chifukwa nthaka ndi mpweya wa m'tayala zimanama. Mumayeza kuchokera pakati pa rimu kufika m'mphepete mwa madigadi. Ndinakweza mamilimita 40 ngodya iliyonse, ndikulemba manambala pa katoni ya sopo, ana a pamsika atandizungulira. Toe ndinaiyerekeza ndi ulusi wa amisiri omanga nyumba, woti ingondifikitsa ku Limbe kumene kuli makina. Kenako ine ndi mlamu wanga tinatenga makasu, tinagumula msana wa msewu m'malo atatu oipitsitsa, tinathira miyala m'mikwasa. Dzuwa likupendeka galimoto inalowa pakhomo pa amayi n'kuima pansi pa mango paja.

Nditabwerera ku Joni ndinachotsa ma coilover aja, n'kubwezeretsa masipuling'i a mamilimita 40 ndi ma shock ake. Ndinagulanso masipuling'i a ku fakitale kwa ogulitsa zipangizo zakale, ndipo ndikamapita kumudzi ndimamanga amenewo. Ndi ntchito ya theka la tsiku, kuphatikizapo alignment. Pansi pa injini ndinaikapo chitsulo chotchinga sampu. Anzanga ena anapita ku air suspension, matumba a mpweya okhala ndi kompuresa ndi thanki m'buti, oti pa chionetsero galimoto imagona pansi, pa hampu n'kudzuka. Nzeru yake ndi yabwino, koma mtengo wake umatha kufanana ndi wa Citi yeniyeniyo, buti imatha, ndipo paipi ya mpweya ikabooka pakati pa Changara ndi Tete sindikudziwa amene angakuthandizeni. Ine ndimaona kuti pa hatchback ya tsiku ndi tsiku, mamilimita 30 mpaka 40 pa misewu ya ku Gauteng ndi pamene kukongola ndi kuyenda bwino zimagwirizana. Kupitirira apo mwayamba kulipira ndi matayala, ma CV (majointi a mashafti oyendetsa matayala) ndi misana ya okwera.

Kumudzi nkhani yake ndi ina. Ma Vitz, Demio, Fit ndi Note amene amabwera kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam anapangidwira misewu yosalala, ndipo amafika ali otsika kale, masipuling'i ofewa, ma shock atayenda kale zaka zambiri. N'chifukwa chake amakaniko a ku Ndirande ndi ku Biwi amadziwika ndi ntchito yosiyana ndi yathu: kuika zokwezera pamwamba pa masipuling'i kuti galimoto italike. Komabe achinyamata a ku Blantyre ndi Lilongwe amaona zithunzi zomwezo pa Facebook ndi Instagram, ndipo mtima umene unandigwira ine pa kreti paja umawagwiranso.

Mwezi wathawu mwana wa achimwene anga, amene amakhala ku Bangwe, anandiimbira pa WhatsApp. Wagula Demio ya 2010, ndipo wina wamuuza kuti amudulira masipuling'i pa mtengo wozizira.

"Ankolo, inu munatsitsapo. Ndidule makoyilo angati?"

Sindinamukalipire, chifukwa ludzu limenelo ndimalidziwa. Ndinamufotokozera kuti pa Demio sipuling'i ya kumbuyo imakhala payokha, yosiyana ndi shock, yongopanikizidwa pakati pa thupi ndi chitsulo cha matayala, moti yodula ikhoza kugwera pamsewu tayala likalendewera. Kenako ndinamupatsa ntchito imene a Mjomba anandiphunzitsa. Atenge ka cable tie, kapulasitiki komangira mawaya kaja, akamange pa ndodo yonyezimira ya shock, akatsitsire pansi mpaka kakhudze mutu wa shock galimoto ili pa matayala ake. Akatero ayende sabata yathunthu monga amayendera nthawi zonse: ku ntchito ku Ginnery Corner, ku tchalitchi ndi banja, ku chigayo ndi matumba. Shock ikapanikizika imakankhira kapulasitikiko m'mwamba, ndipo kamatsala pamene tayala linafika patali kwambiri. Mpata umene watsala pakati pa kapulasitikiko ndi kamphira ka kumtunda ndi umene ali nawo woti n'kudya.

Lachisanu ananditumizira zithunzi ziwiri, tochi ikuwala m'kati mwa madigadi. Kutsogolo kunatsala mpata wa chala chimodzi ndi theka. Kumbuyo kapulasitiki kanali katakanikizidwa m'kamphira, galimoto isanatsitsidwe n'komwe, ndipo shock ya kumanzere inali yonyowa. Tagwirizana kuti ayambe wasintha ma shock a kumbuyo onse awiri, amangenso kapulasitiki kena, ayendenso sabata ina. Marimu a mainchesi 15 amene akuwafuna ndawapeza kale kuno, a mabowo anayi ofanana ndi a Citi yanga, ndipo ali m'katoni kuseri kwa chitseko kudikira thiransipota wa Lachitatu.